Chishalo Chobooka cha a Ignace

Inu, sunthirani kuno mumve za a Ignace Verhelle, pulambala wa ku Wittegem, mudzi wina wa dziko la azungu kuchigawo cha Flanders, munthu amene anagwa m'papaya m'dziko lopanda mtengo wa papaya ngakhale umodzi. Musafulumire kuseka, paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nkhaniyi anatiuza eni ake ku bala ya pafupi ndi tchalitchi, mowa utawamasula lilime, ndipo zimene anadumpha dala tinadzazimva kwa akazi awo.

A Ignace anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi. Pansi pano ankakonda zinthu ziwiri, akazi awo a Annemie ndi njinga yawo ya mpikisano, ndipo mukawafunsa kuti choyamba n'chiti ankayamba kutsokomola. Lamulungu lililonse m'mawa ankapalasa ndi anzawo a kalabu ya Mikango ya ku Wittegem, madoda a zimimba ovala makabudula othina ngati chikopa cha soseji. Jezi ya kalabu inali yachikasu chobaya m'maso, choti ngakhale mu nkhungu munthu amaonekera kutali. Pachifuwa panali dzina la mudzi. Pamimba panali nkhumba yomwetulira ndi nambala ya foni ya Norbert, mwini butchala, amene anali wapampando wa kalabu komanso wogula majeziwo. Kumsana kunali dzina la mwini jezi m'zilembo zikuluzikulu. Lamulo lake linali lakuti Mkango wopezeka pa njinga wopanda jezi, kaya ndi Lachiwiri kaya ndi pa maliro, ugulira kalabu yonse mowa.

M'kalabumo a Ignace ndiwo anali woyang'anira mwambo wodziika yekha, ndipo zinthu ziwiri zinkawapsetsa mtima. Choyamba chinali nthawi yonyamukira. Kale Mikango inkanyamuka seveni koloko, kenaka anaisunthira ku eyiti, kenaka ku naini, ndipo pa msonkhano uliwonse dzanja lotsutsa linkakhala limodzi lokha.

"Ulesi!" ankatero akumenya tebulo. "Munthu wamkulu umachita chiyani pabedi mpaka naini koloko Lamulungu?"

Anzawowo ankangoyang'ana m'matambula awo.

Chachiwiri chinali zishalo. Chishalo cha a Ignace chinali cha ku Italy, chopyapyala, cholimba ngati msana wa chikwanje, ndipo ankati mwamuna weniweni amakhalira chotero. Koma anzawo, mmodzi mmodzi, anali atasinthira ku zishalo zotambalala, zobooka pakati, ati chifukwa cha msana. Amene ankavutika kwambiri ndi pakamwa pa a Ignace anali Gust, mdala wopuma pa ntchito ya njanji, yemwe ankapalasa tsiku ndi tsiku posowa chochita.

"Iwe Gust, chimenecho ndi chishalo kapena chimbudzi?"

"Msana, mnzanga," ankayankha Gust akumwetulira. "Msana."

Tsono vuto linabwera mwakachetechete, paja chakudza sichiimba ng'oma. Poyamba linali la apo ndi apo, loti munthu n'kunamizira mowa. Kenaka ntchito ya kuchipinda inangoimiratu. Mtima ukufuna, mutu ukufuna, mayi ali pompo, koma wantchito uja osadzuka. Inu, tamverani zimene anachita munthu wamkulu, wokonza mapaipi a mudzi wonse, woti mpope wa mnzake ukangodontha amathamangirako ndi sipanala. Anakhala chete. Madzulo ankalowa m'galaja n'kumapukuta tcheni choyera kale mpaka a Annemie atagona. Anawonjezera kupalasa, Lachiwiri ndi Lachinayi lomwe, kuti akamati atopa zizimveka zoona. Anayesanso mankhwala a agogo awo, mazira aawisi m'mowa wakuda, ndipo chinadzuka ndi m'mimba mokha.

A Annemie sanali mwana. Anaona mwamuna wawo akuchepa mimba, akusowa pakhomo pakati pa sabata, akugona atayang'ana kukhoma. Anawonkhetsa okha n'kupeza yankho limene mkazi aliyense akanapeza. Anasamukira kuchipinda cha mwana wawo Lien, amene anakwatiwa kale, ndipo tsiku lina m'mawa, akupaka batala pa buledi, anafunsa osakweza maso.

"Ignace, kodi ndakalamba?"

"Ayi, bwanji?"

"Nanga ndikununkha?"

"Annemie, zoyankhula zanji zimenezo?"

"Ndiye ndani?"

"Ndani chiyani?"

"Musandiyese chitsiru, bambo a Lien. Chikwatirane simunandipatsepo mpata wowerenga buku pabedi. Chaka chino ndamaliza shelefu yonse, ndayamba kubwereka kwa aneba."

"Ndi kutopa chabe, mayi. Njinga..."

"Chabwino, pitirizani kutopa. Ine Loweruka ndikupita kwa Hilde ku Gent, akuti chipinda chilipo. Zobwerera musandifunse, sindikudziwa."

Hilde anali mng'ono wawo wa a Annemie, mayi amene anawakana a Ignace ngati mlamu wake pa tsiku la ukwati ndipo mpaka pano sanasinthe maganizo.

Apa mpamene a Ignace anachita mantha enieni. Munthuyu ankawakonda akazi ake, inu. Akaganiza za nyumba ija yopanda a Annemie, yopanda wailesi yawo ya kukhitchini ndi kulongolola kwawo pa za nsapato zamatope, mtima unkawapweteka kuposa chitunda chilichonse chimene anakwerapo. Koma kutsegula pakamwa n'kunena kuti mayi, zandikanika, kunkawavuta kuposa kufa.

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, koma chitseko chake chiti? Dokotala wa m'mudzimo, a Dewulf, anali Mkango mnzawo, wopalasa nawo limodzi Lamulungu lililonse. Wogulitsa mankhwala anali mkazi wa Norbert, mayi woti ukamuuza chinthu m'mawa, pofika masana chagulitsidwa pamodzi ndi masoseji. Choncho a Ignace anadzitsekera m'galaja ndi foni, n'kupeza chipatala china mumzinda wa Gent choona za kuchipinda, kumene ankati satchula dzina la munthu, amangoitana nambala. Anawapatsa Lachinayi masana.

Nanga pakhomo achoka bwanji? Atenge galimoto, a Annemie afunsa. Akwere sitima, pa siteshoni pali maso. Koma mwamuna wa ku Flanders akakwera njinga safunsidwa kumene akupita, ngakhale ndi wansembe. Atatsala pang'ono kutuluka atavala malaya wamba, anakumbukira lamulo lija. Anawerenga m'mutu makosi onse a Mikango ndi ludzu lawo, kuumira kunawagwira, n'kubwerera kukasintha. Ndiye muone, munthu wopita kukabisala anavala chikasu kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, dzina lake kumsana, mudzi wake pachifuwa, nkhumba ikumwetulira pamimba.

Sanapite patali m'mbali mwa mtsinje pamene anamva tcheni china chikulira kumbuyo kwawo.

"Mkango Lachinayi! Ukupita kuti, Ignace?"

Gust.

"Kungowongola miyendo."

"Mwayi wanga. Mphepo lero ndi yoipa, ndibisala kumbuyo kwako."

Mnzako akamata tayala lake kumbuyo kwa lako kuti umutchinjirize mphepo, sungamuthamangitse. Ndi mwambo, ndipo woyang'anira mwambo anali a Ignace omwewo. Chotsala chinali kumutopetsa. Anapalasa ngati akuthawa moto, thukuta kamukamu, koma akacheuka Gust ali pompo, akuimba mluzu. Anakhotera dala kumsewu wa miyala, uja wogwedeza mano, poganiza kuti mdalayo agonja. Gust anadutsa pa miyalayo atakhala phee pa chishalo chake chobooka ngati ali pa sofa, pamene a Ignace chikwanje chawo chija chinkawamenya pamalo pomwe ankapita kukapachiritsa.

"Wawongola mokwanira miyendoyo?" anafunsa Gust nyumba za Gent zitayamba kuoneka.

"Ndipitirira pang'ono. Ndikufuna kukaona... matayala."

"Ine ndibwerera pano. Ukafika pa mlatho ukhotere kumanzere, ndi chidule."

"Chidule cha kuti?"

"Cha kulikonse kumene ukupitako. Koma usamale njanji za tiramu pakona paja, zinandigwetsapo."

A Ignace analibe nthawi yoganizira mawu amenewa, anangothokoza Mulungu kuti mdala wachoka. Anakhotera kumanzere ndipo chinalidi chidule. Chipatala chija anachiona tsidya la msewu, chikwangwani chake chonena poyera zonse zimene amachiza mmenemo. Maso ali pa chikwangwani, tayala la kutsogolo linalowa m'njanji. Khuu! Munthu uko, njinga uko, chisoti chapendekeka, bondo lasupuka. Tiramu imene inkabwera, kasitima konyamula anthu m'misewu ya mumzinda, inaima ndi belu lake, ngwee ngwee ngwee, ndipo m'mawindo monse munadzaza nkhope. A Ignace sanayang'ane nkhope ngakhale imodzi. Anadzuka, anayamba aona ngati njinga yakalika, kenaka anaisenza paphewa n'kukwera masitepe a chipatala pamaso pa tiramu yonse. Kuisiya panja sakanatha, mumzinda woti njinga imasowa mwini wake akuyetsemula.

M'katimo munali zii ngati m'tchalitchi. Nsapato za njinga zili ndi zitsulo kunsi, ndiye pa matailosi paja zinangoti kho! kho! kho! mpaka aliyense anadzutsa mutu. Mayi wa pa tebulo lolandirira alendo anayang'ana bondo lamagazi lija.

"Pepani bambo, ovulala amapita ku chipatala chachikulu, tsidya ilo."

"Sindinabwerere bondo."

"Nanga?"

"Za... kumtunda kwake."

"Mwaphwanya nthiti?"

"Mwapitirira, mayi. Bwererani."

"Ooo! Mukananena. Musade nkhawa bambo, kuno sititchula dzina la munthu. Nambala yanu ndi iyi, mukhale apo mudikire." A Ignace anapuma, mtima unatsika, n'kutembenuka kuti akakhale. Mayi uja anawonjezera kumbuyo kwawo, "Njingayo muitsamiritse kukhoma, a Ignace."

Anakhala pampando wa pakona, msana atauphatika kukhoma kuti dzina libisike, chisoti chili pachifuwa kubisa mudzi, koma nkhumba inatsala poyera ikumwetulira anthu onse. Bambo wina wa jekete amene anali pambali pawo anawaweramira n'kunong'ona.

"Butchala ya Norbert imeneyo? Ndiye ndinu a ku Wittegem! Apongozi anga amakhala kumeneko, kuseri kwa sukulu."

"Sindine wa kumeneko ine. Jeziyi ndangobwereka."

"Mwabwereka kwa a Ignace, pulambala uja? Mukawauze kuti mpope wa apongozi ukudonthabe."

Nambala itaitanidwa a Ignace anathamangira m'chipinda cha dokotala, kho! kho! kho!, njinga ili m'manja. Dokotala anali mayi wa msinkhu wa Lien, wa maso osaopa kanthu. Anayang'ana munthu, anayang'ana njinga.

"Wodwala ndi uti?"

"Ndine."

"Khalani pansi. Vuto n'chiyani?"

A Ignace anayambira kutali. Anakamba za zaka, za nyengo yozizira, za mnzawo wina amene anamva kuti zikumuvuta. Dokotala anamvetsera akutsuka bondo lija, n'kumatapo pulasitala.

"Mnzanuyo ali ndi zaka ngati zanu?"

"Chimodzimodzi."

"Ndiye tingomuyeza kudzera mwa inu. Sadzuka n'komwe, kapena amadzuka n'kugwera panjira?"

Inu, funso lotere kufunsidwa ndi mwana woti ukanamubereka! A Ignace anayang'ana kudenga, n'kuyankha denga lomwelo. Chodabwitsa n'chakuti mawu oyamba atangotuluka, ena onse anatsatira okha. Dokotala sanaseke, sanadabwe, ankangofunsa ngati mmene a Ignace amafunsira mwini nyumba kuti madzi anasiya liti kutuluka. Zinayamba liti? M'mawa podzuka zimakhala bwanji? Fodya? Mankhwala a mtima akumwa?

"Mowa mumamwa wochuluka bwanji?"

"Matambula awiri."

"Pa tsiku?"

"Pa bala."

Anawayeza kuthamanga kwa magazi n'kupeza kuti kwakwera. Anawatenga magazi kuti akaone shuga ndi mafuta, n'kuwauza kuti vuto lotere nthawi zina limakhala belu lochenjeza za mtima, choncho achita bwino kubwera. Kenaka anafunsa ngati pamakhala dzanzi akatsika pa njinga.

"Dzanzi ndiye la aliyense, dokotala. Ndi mmene umadziwira kuti wapalasa."

Dokotala anadzuka n'kukadina chishalo chija ndi chala. Chala chinapindika, chishalo osagonja.

"Mumakhalira ichi?"

"Cha ku Italy chimenecho," anatero a Ignace, kunyada kutabwerera pang'ono.

"Ndinu pulambala, eti? Paipi ya pulasitiki mukaiika pa mwala n'kuikhalira tsiku lonse, kumpope kutuluka chiyani? Minyewa ndi mitsempha ya magazi yopita kumene mukudandaulako imadutsa pomwe pamakhudza chishalo. Sindikunena kuti ndi chokhacho. Pali zaka, pali magazi okwerawa, palinso mantha, chifukwa zikakanika kamodzi munthu amalowa m'bulangete akunjenjemera kale. Koma vuto litayamba munachepetsa kupalasa?"

"Ndinawonjezera."

"Mhm."

Anawalembera mapiritsi n'kuwafotokozera kamwedwe kake, n'kuwachenjeza kuti si matsenga, amafuna mtima ukhale m'malo. Anati njinga aipumitse milungu ingapo, ndipo akadzayambiranso asinthe chokhalira. Apa anatembenuza kompyuta kuti awaonetse chithunzi.

Chinali chotambalala, chobooka pakati.

A Ignace anangoti kukamwa yasa. M'mutu mwawo munayamba kudutsa Mikango, umodzi umodzi, monga imaonekera ukaitsatira kumbuyo. Gust. Norbert, wapampando. Mapasa a kwa Baert onse awiri. Ngakhale a Dewulf, dokotala! Msana, msana, msana, mudzi wonse msana. Ndiyeno chidule cha pa mlatho chija, ndi njanji zija zimene zinamugwetsapo Gust pakona pomwepo.

"Funso lomaliza," anatero dokotala. "Akazi anu akudziwa?"

"Ayi! Ndiwauze bwanji?"

"Ndiye akuganiza kuti chikuchitika n'chiyani?"

A Ignace anayamba kukonza pulasitala ya pa bondo lawo.

"Mapiritsi ndakupatsani, koma la funso limenelo ndilibe. Ulendo wina mudzabwere nawo akazi anuwo."

Chishalo anakagula m'sitolo ya kutali ndi chipatala. Wogulitsa anawayang'ana kumutu mpaka kuphazi n'kufunsa mwaulemu, "Msana, bwana?" Iwo anati msana. Anachilowetsa m'thumba la kumbuyo kwa jezi, n'kubwerera kwawo pa sitima, chinthu chimene Mkango wovala jezi sunachitepo chiyambire kalabu.

Atatsegula chitseko cha kunyumba anapunthwa pa sutikesi. A Annemie anali chiimire m'khonde la m'kati, atavala kale chijasi, maso ali psuu. Loweruka linali lisanafike, koma sutikesi inali itatsekedwa.

"Hilde wandiimbira," anatero ndi mawu otsika. "Anali mu tiramu."

A Ignace anatseka chitseko pang'onopang'ono.

"Akuti tiramu yonse yaona. Chikasu, dzina kumsana, njinga paphewa, mukulowa m'chipatala cha matenda opatsirana. Ndiye wakupatsani matenda, eti? N'chifukwa chake simundikhudza? Ndikuthokozeni kuti mwandisunga?"

"Annemie, si choncho..."

"Nanga zili bwanji? Nenani! Miyezi yonseyi ndikufunsa khoma. Nenani lero, chifukwa ndikatuluka pakhomo apa simudzandionanso."

Anatsegula pakamwa. Kwa dokotala mawu anatuluka, koma pamaso pa mkazi amene anamuvinitsa ali mtsikana pa chikondwerero cha mudzi, anakana kutuluka. Misozi inayamba kubwera, ndipo pofuna kuibisa anatembenuka ngati akutsamiritsa njinga kukhoma. Potembenukapo, chinthu chija chinasuzumira m'thumba la kumsana, pansi penipeni pa dzina lawo. A Annemie anachisolola.

"Ichi n'chiyani?"

"Msana," anatero a Ignace. Anangotuluka okha mawuwo.

A Annemie anachitembenuza chishalo chija, n'kusuzumira pa bowo, diso lawo n'kukumana ndi la mwamuna wawo. Kenaka anakhala pa sutikesi paja, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. A Ignace anayesa akulira. Ankaliradi, koma akuseka.

"Msana! Mayo ine, msana! Wa Gust uja? Wa Norbert uja?"

"Iwe ukudziwa?"

"Mukuyesa timakamba chiyani kukhitchini tikamasenda mbatata za phwando la kalabu? Za nyengo? Mkazi wa Gust anachita kukagula yekha n'kuchimanga pa njinga mwamuna wake ali mtulo! Ine ndinkayenda monyada kuti wanga yekha ndiye wachitsulo, ndiye zitasintha sindinaganizeko n'komwe za chishalo." Anadzuka n'kuwamenya nacho paphewa, phwa! "Chitsiru iwe! Miyezi yonseyi ine kudziyang'ana pagalasi, kusintha tsitsi, kusuzumira akazi onse m'tchalitchi kuti ndi uti. Unalephera kundiuza?"

"Ndinkachita manyazi."

"Manyazi ndi ine? Utathyoka phewa pa mpikisano uja anakusambitsa ndani? Anakuvula kabudula wothinayo ndani, Norbert?"

"Ndinkaopa kuti uziti ndatha."

"Ukanatha ndikanakuuza ndekha, sindibisa mawu ine." Anapukuta m'maso ndi mkono wa chijasi, n'kuyang'ana njinga ija itatsamira khoma, yonyezimira, yosalakwa. "Ndinkadziwa kuyambira kale kuti mkazi mnzanga amagona m'galaja. Sindinkadziwa chabe kuti ndi wankhanza chonchi."

Sutikesi inabwerera pamwamba pa kabati tsiku lomwelo. Hilde atauzidwa pa foni kuti palibe mkazi wina, akuti anakhumudwa kwambiri.

Musaganize kuti zinatheka tsiku limodzi. Ulendo wachiwiri anapita onse awiri pa galimoto, atavala ngati anthu, ndipo a Annemie anafunsa dokotala mafunso oti a Ignace anayang'ananso denga lija. Panali mapiritsi a magazi, panali kuchepetsa matambula, panali masiku ena oti zinakanikanso n'kungoseka awiriwo n'kugona atagwirana manja. Koma pang'onopang'ono zinthu zinabwerera m'chimake, ndipo buku limene a Annemie anabwereka kwa aneba mwezi umenewo likadali pa tsamba lomwelo mpaka lero.

Tsiku lobwerera ku kalabu, a Ignace anafika pa bwalo la tchalitchi chishalo atachikutira ndi jumbo, monga amachitira anthu kukamagwa mvula. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Mikango inawazungulira mwakachetechete. Gust anayandikira, anagwira jumbo ija ndi zala ziwiri n'kuivundukula pang'onopang'ono ngati wansembe pa guwa. Palibe anaseka. Norbert anavula chisoti.

"Msana?" anafunsa wapampando.

"Msana," anatero a Ignace akuyang'ana nsapato zawo.

"Pepa, mnzathu. Ndi matenda ovuta."

"Koma ndifunse nawo," anatero Gust. "Chimenechi ndi chishalo kapena chimbudzi?"

Apo ndiye bwalo lonse linaphulika, mpaka anthu a Misa anacheukira kukhomo. A Dewulf anawasisita paphewa n'kuwanong'oneza kuti akanangobwera kwa iwo, akanawalozera chidule chomwecho popanda kugwa.

Atabwerako kopalasa panali msonkhano wa pachaka ku bala, akazi ali kukhitchini ya kuseri kukazinga tchipisi. Norbert atafika pa nkhani ya nthawi yonyamukira anapumira m'mwamba, n'kuyang'ana kumene kunkachokera dzanja lotsutsa chaka ndi chaka. Dzanjalo linali m'mwamba kale.

"Tikudziwa, Ignace, seveni koloko, ulesi, tamva."

"Ayi, wapampando," anatero a Ignace akukonza pakhosi. "Ndimati, poganizira thanzi la misana yathu, bwanji tizinyamuka teni?"

Manja onse anakwera nthawi imodzi, kwa nthawi yoyamba chiyambire kalabu. Norbert anali atanyamula kale tambula kuti atseke nkhaniyo pamene kawindo ka kukhitchini kanatseguka, a Annemie n'kusuzumira, chipande chili m'manja.

"Leveni," anatero, n'kutsekanso.